Nyumba ndi ya Landilodi, Mphepo ndi Yanga

Kodi munthu wanzeru angataye ndalama zake kukonza nyumba ya mwini? Funsoli limadzuka chaka chilichonse Meyi akamatha, madzi a pampopi akayamba kuluma zala m'mawa. Anzanga ambiri amene amachita renti ku Kabwata, ku Chelstone ndi ku Woodlands amayankha mosazengereza kuti ayi. Amati mlendo ndi mame, lero uli pano, mawa wapatsidwa notisi. Inenso ndimachita renti, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu kuno ku Longacres, koma yankho limeneli silindikhutiritsa.

Sindikunena kuti anzangawo akulakwa pa zonse. Mantha awo ali ndi maziko. Ukapaka penti, kukonza chitseko ndi kuika galasi latsopano, a landilodi ena amabwera, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti nyumba yakongola, renti ikwere. Ena amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mphwawo amene akufuna pogona. Thukuta lako lasanduka ndodo yokumenyera. Ndiye munthu akamati “sindigwira kanthu m'nyumba muno”, si ulesi nthawi zonse. Nthawi zina akungoteteza ulemu wake.

Vuto ndi loti mphepo siwerenga mapepala a nyumba. Lusaka ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa usiku kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Nyumba zathu zambiri zinamangidwa poganizira kutentha kwa Okutobala: malata opanda siling'i, pansi pa simenti, mawindo a chitsulo osatsekeka bwino. Galasi likasweka, amene amatsokomola si mwini nyumba. Iye akugona kwina, m'mabulangete ake. Amene amagwidwa chimfine ndi chifuwa ndine, kapena mwana amene ndikugona naye. Ndikakana kutseka mpata wa pansi pa chitseko n'cholinga chokhaulitsa a landilodi, ndikukhaulitsa ndani?

Apa m'pamene ndimaona kuti mawu oti “yanga” ali ndi matanthauzo awiri. Nyumba ndi ya a landilodi chifukwa akhoza kuigulitsa. Koma ndi yanganso chifukwa ndi mmene thupi langa limapumulira. Umwini woyambawo ndi wa pepala, wachiwiriwu ndi wa usiku uliwonse. Aliyense wa ife ali ndi udindo wolingana ndi umwini wake, ndipo chilungamo chimayamba posasokoneza ziwirizi.

Denga lodontha, khoma long'ambika, galasi limene ndinapeza losweka kale ndi mawaya a malaiti oonekera poyera, zimenezo ndi za mwini nyumba. Ndimawauza mu Epulo, mphepo isanafike, ndipo ndimalemba pa WhatsApp ndi zithunzi zomwe, chifukwa mawu a pakamwa amauluka. Akati ndigule ndekha, tiyambe tagwirizana molemba kuti ndalamayo ichotsedwa pa renti, risiti ndisunge. Kupempha zimenezi si mwano. Dziko lino lili ndi lamulo la Rent Act la 1972, ndipo pansi pa lamuloli mwini nyumba sayenera kungotaya katundu wa munthu panja popanda kudzera kukhoti. Wochita renti si wopemphapempha. Amalipira.

Zanga ndi zing'onozing'ono: saka yakale yopindidwa pansi pa chitseko, makatani olemera a ku salaula, mphasa kapena kapeti pa simenti, bedi kulichotsa kukhoma lozizira, kutsegula makatani masana kuti dzuwa lilowe ndi kuwatseka lisanalowe. Zambiri mwa izi ndidzanyamula tsiku losamuka. Palibe amene angandikwezere renti chifukwa cha saka.

Koma pali malire amene sitiyenera kudumpha. Pamwamba pa mawindo a nyumba zambiri pali tizibowo tolowetsa mpweya, ndipo Juni akafika anthu amatitseka ndi manyuzipepala. Kenaka malaiti akapita, monga anapitira maola ambirimbiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, mbaula imalowa m'nyumba. Malasha akamayaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo wogona samva kuti ukumupha. Mutu kuwawa, chizungulire ndi nseru ndiwo machenjezo ake, koma amene ali mtulo sawazindikira. Choncho mbaula isagone m'nyumba, ngakhale malasha aoneke ngati azima, ndipo tizibowo tija tisatsekedwe. Kanyumba kamodzi nthawi zambiri kamagona anthu atatu kapena anayi. Amene amatseka mpweya ndi kulowetsa moto sakusankhira moyo wake wokha. Pamenepa funso la amene ali ndi mapepala a nyumba lilibe ntchito n'komwe.

Pali chinanso chimene achinyamata sitiyenera kuiwala. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khansolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo. Ku Kabwata, Chilenje, Libala ndi Matero, anthu amene dzulo lake ankalipira renti anadzuka ali eni nyumba. Ambiri anamanga timanyumba kuseri, ndipo ife ndife tikukhalamo lero. A landilodi amene timawadandaula, kapena makolo awo, anadziwapo kuzizira kwa m'nyumba ya mwini. Ena anakumbukira, ena anaiwala. Zimenezi zimandiuza kuti wochita renti ndi mwini nyumba si mitundu iwiri ya anthu. Ndi munthu mmodzi pa misinkhu iwiri ya moyo. Enafe tidzagula puloti, n'kumanga, n'kuika munthu kuseri. Ngati lero tikuphunzira kuti chimene sichikutipindulira sitichikhudza, tsiku limenelo galasi la mnzathu lidzakhala losweka mpaka Ogasiti, ife tikuti tilibe ndalama.

Ndiye nkhawa ija yoti wina adzadyerera thukuta langa? N'zoona, adzadyerera. Koma kawirikawiri amene amadyerera si a landilodi. Ndi amene adzalowe ine ndikatuluka, mwina mtsikana wochokera ku Chipata amene wangopeza ntchito m'tauni, atanyamula bulangete limodzi. Inenso ndinapeza msomali wokolekapo katani ndi loko wolimba, zoikidwa ndi munthu amene sindidzamudziwa. Sindikuona chifukwa chodandaulira kuti mtsikanayo adzagona mofunda.

Choncho ndimakonza, koma osati mwakhungu. Za a landilodi ndimawakumbutsa mwaulemu mpaka achite. Zanga ndimachita osadikira munthu. Mbaula ndimaisiya panja. Renti ya mwezi uno ndalipira, ndipo pa masiku 30 amenewa pano ndi pakhomo panga.