Kalulu Wothyoka Msana: Kodi Chifundo Chili ndi Mtengo Wanji?

Werengani Miyambo 12:10 ndi Mateyu 12:9-13.

M'nthano zimene agogo athu ankatisimbira madzulo, Kalulu sagwidwa. Akagwa m'mbuna atulukamo. Akakumana ndi Njovu kapena Fisi apulumuka ndi nzeru zake. Koma kalulu wa m'khola sali wotero. Iye ndi cholengedwa chofooka ndi chamantha, ndipo moyo wake wonse uli m'manja mwa amene amuweta.

Pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa, m'boma la Thyolo, mtsikana wa zaka 10 anali ndi kalulu woyera amene amalume ake anamupatsa. Tsiku ndi tsiku pochokera ku sukulu ankamuthyolera chisoso ndi kholowa. M'mawa wina wa chiperoni, mlongo wake wamng'ono ananyamula kaluluyo pomugwira makutu. Kalulu anaphiriphitha, naponya miyendo yakumbuyo kamodzi mwamphamvu. Atamuika pansi, anayamba kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo yokha.

Madzulo bambo wa anawo atabwera ku ntchito, mtsikana anawachingamira akulira, nati, "Ababa, agogo atathyoka mwendo munapita nawo ku Malamulo kukajambulitsa. Nanga kalulu wanga simupita naye?"

Bamboyo ndi wothyola tiyi. Inali nyengo yozizira, pamene tiyi saphuka kwambiri, dengu silidzaza msanga, ndipo malipiro achepa. Kodi akanamuyankha chiyani mwana wake? Funso la mwanayo ndi lathu tonse: kodi tili ndi mangawa otani kwa cholengedwa chovutika, pamene thandizo lake lili ndi mtengo umene sitingathe kulipira?

Chimene chinachitika m'thupi mwa kalulu

Mlengi anapanga kalulu kuti azipulumuka ndi liwiro. Chifukwa chake anamupatsa minofu yamphamvu ndi mafupa opepuka. Mafupa ake onse pamodzi alemera ngati magawo 8 okha pa magawo 100 a thupi lake, pamene a mphaka afika magawo 12 kapena 13. Kalulu akanyamulidwa thupi lili lendelende, popanda dzanja lochirikiza kumbuyo, mphamvu ya miyendo yake yomwe ikhoza kuthyola kapena kugulula fupa la msana, kawirikawiri cha m'chiuno. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi miyendo. Mtsemphawu ukangofinyika kapena kutupa, nyama ikhoza kuchira itapumula masabata angapo. Ukaduka, miyendo imafa, ndipo nyama siithanso kusunga mkodzo ndi ndowe. Pamenepo khungu limapsa ndi mkodzo, zilonda zimabuka, ntchentche ziikiramo mazira.

Tizindikire kuti ngoziyi siinadze chifukwa cha njiru. Mnyamatayo anangochita zimene anaona akulu akuchita. Zowawa zambiri za ziweto zathu zimachokera m'kusadziwa, osati m'kuipa mtima.

Makina amaona, koma sachiritsa

Anthu apatsidwa nzeru zoonera m'kati mwa thupi popanda kuling'amba. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray m'chaka cha 1895. Makina a CT, amene Godfrey Hounsfield anawakonza, anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971. Makina a MRI amaonetsa ngakhale mtsempha wa mumsana, umene X-ray siionetsa. Ku Britain ndi ku America, kumene akalulu amakhala m'nyumba monga amphaka, eni ake amapita nawo ku makina otere, ndipo ku Britain sikani imodzi ya MRI ya chiweto kawirikawiri imapitirira mapaundi 1,000. Wothyola tiyi sangasonkhanitse ndalama zotero ngakhale atagwira ntchito miyezi yambiri osagula ufa. Mtengo umakwera chifukwa makinawo ndi odula, afuna akatswiri, ndiponso nyama iyenera kugonekedwa ndi mankhwala kuti isagwedezeke, chinthu chimene chili choopsa kwa kalulu koposa kwa galu kapena mphaka.

Kuno kwathu makina oyamba a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2008, ndipo anabwera kudzathandiza kufufuza malungo a mu ubongo amene amapha ana. Izi zokha zitionetsa kusiyana kwa dziko lathu ndi maiko aja.

Koma pali mfundo imene olemera ndi osauka omwe ayenera kuilingalira. Chithunzi sichilumikiza fupa. Chimangouza dokotala pamene pathyoka. Ngati chithunzicho sichisintha chimene tidzachita pambuyo pake, ndiye kuti tagula chidziwitso, osati machiritso. Mtsempha wa mumsana ukaduka, palibe dokotala, ngakhale ku London, amene angaulumikize. Nthawi zina munthu amalipira ndalama zambiri osati chifukwa zithandiza nyamayo, koma kuti mtima wake uleke kumutsutsa.

Mbuna ziwiri

Poyankha funso la mtsikana uja tikhoza kugwa m'mbuna ziwiri.

Mbuna yoyamba ndiyo kunena kuti, "Ndi kanyama chabe." Kwa ife amene timasunga Levitiko 11, kalulu sali ndiwo. Choncho wina akhoza kuganiza kuti nyama imene sitidya, yosalima, yosatipatsa mkaka, ilibe kanthu. Koma lamulo lija linena za chimene chiyenera kulowa m'kamwa mwathu. Silinena kuti Mulungu anyansidwa ndi chimene anachilenga. Bulu nayenso sadyedwa, komabe mngelo anadzudzula Balamu chifukwa chomupanda (Numeri 22:32). Pofotokoza nkhani imeneyi m'buku la Patriarchs and Prophets, la mu 1890, Ellen G. White achenjeza kuti nkhanza zochitira nyama sizibisika kumwamba. Lamulo la Sabata lipumitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi ndi mwini wake (Eksodo 23:12). Ndipo pamene mneneri Natani anafuna kulasa mtima wa Davide, anasimba za munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kamene kanakulira pamodzi ndi ana ake (2 Samueli 12:1-6). Malemba saseka chikondi cha wosauka pa chiweto chake. Misozi ya mtsikana uja siinali yopusa.

Mbuna yachiwiri ndiyo kuyesa chikondi ndi ndalama, monga ngati amene walipira zambiri ndiye wakonda kwambiri. Bambo uja akadagulitsa njinga ndi kukongola katapila chifukwa cha kalulu, ana nagona ndi njala, sitikadamutcha wachifundo. Paulo anena mawu olimba za munthu wosasamalira a m'banja lake (1 Timoteo 5:8). Pa Mateyu 12:11, 12 Yesu agwira mbali zonse ziwiri pamodzi: avomereza kuti nkhosa yogwa m'dzenje iyenera kutulutsidwa ngakhale pa Sabata, ndipo pomwepo aphunzitsa kuti munthu aposa nkhosa. Nyama ili ndi mtengo wake, koma mtengowo suposa wa mwana. Akulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika.

Mangawa athu enieni

Ngati sitili ndi mangawa a makina odula, nanga tili ndi mangawa a chiyani? Miyambo 12:10 siyesa wolungama ndi kulemera kwa thumba lake. Imuyesa ndi kusamala kwake. Kusamala kumeneku kuli ndi mbali zinayi, ndipo palibe imodzi imene wosauka sangaithe.

Choyamba ndi kupewa. Kalulu sanyamulidwa ndi makutu. Dzanja limodzi lichirikize pachifuwa, lina kumbuyo, ndipo thupi lake likhale pafupi ndi lanu. Ana aang'ono amugwire atakhala pansi. Khola likhale lalikulu kuti azidumpha, pakuti mafupa a kalulu wopanikizidwa amafooka. Manja amene adziwa kuthyola masamba awiri ndi nsonga popanda kuwononga mtengo wa tiyi sangalephere kuphunzira zimenezi.

Chachiwiri ndi kufunsa odziwa. Alangizi a ziweto alipo m'madera mwathu, ndipo angadziwe zambiri ndi maso ndi manja okha. Akatsina chala cha mwendo wakumbuyo mwamphamvu, kalulu natembenuka kapena kuonetsa kuti wamva, chiyembekezo chilipo. Si kulumala konse kumene kumachokera ku fupa lothyoka. Pali kachirombo kena kamene kamagwira ubongo ndi impso za kalulu ndi kufooketsa miyendo. Musamupatse mankhwala a anthu mwachisawawa, pakuti ena, monga amoxicillin wakumwa, akhoza kumupha.

Chachitatu ndi kudwazika. Kalulu amene akumvabe miyendo aikidwe m'bokosi laling'ono lofunda, pa udzu wouma wosinthidwa kawirikawiri, azitembenuzidwa, azitsukidwa ndi kuumitsidwa, chakudya ndi madzi zikhale pafupi ndi kamwa pake. Ntchito imeneyi ifuna masabata, ndipo mtengo wake ndi kuleza mtima.

Chachinayi ndi chowawa koposa: kulola kuti zowawa zithe. Ngati mtsempha waduka, kusunga nyama kuti iwole ndi zilonda chifukwa ife tikuopa chisoni si chifundo. Kuitaya kutchire kuti agalu akaimalize si chifundonso. Mlangizi kapena munthu wamkulu wodziwa athetse moyo wake msanga, mosazunza. Ulamuliro umene tinapatsidwa pa Genesis 1:28 ndi wa kapitawo amene adzayankha kwa Mwini munda, ndipo kapitawo wabwino sathawa ntchito yowawa.

Chimene bambo anachita

M'mawa mwake bamboyo anapempha chilolezo ku ntchito, podziwa kuti ataya malipiro a tsikulo. Anaika kalulu m'katoni, namanga pa njinga, napita kwa mlangizi pamodzi ndi mwana wake. Mlangizi anatsina zala za miyendo yonse iwiri. Kalulu sanatembenuke.

Pobwerera, katoni ili chete, mtsikana anafunsa, "Ababa, tikanakhala ndi ndalama akanachira?"

Bambo anati, "Iyayi, mwanangu. Ndalama zikanationetsa pamene pathyoka, koma sizikanamuimiritsa. Chimene tikanatha kuchita, tachita."

Sanamunamize kuti kalulu wapita kwa amalume. Sanakwapule mnyamata uja, koma anamuitana kuti athandize kukumba kadzenje kuseri kwa nyumba, ndipo pambuyo pake anamuonetsa kanyamulidwe koyenera pogwiritsa ntchito nsanza yokulunga. Bamboyo sanapereke mapaundi 1,000. Anapereka malipiro a tsiku limodzi, amene kwa iye anali ndiwo za banja lonse, ndipo ana ake anaona kuti cholengedwa chaching'ono chili choyenera kuvutikira.

Paulo atiuza kuti chilengedwe chonse chibuula pamodzi ndi ife, kulindira chiombolo (Aroma 8:19-22). Kufikira tsikulo, sitidzatha kuchiritsa zonse zimene zathyoka. Koma Iye amene aona mpheta ikugwa (Mateyu 10:29) sadzatifunsa za makina amene tinalibe. Adzatifunsa za manja amene tinali nawo.

Mafunso okambirana

1. Kodi pakhomo panu pali chiweto chimene chimavutika chifukwa cha chizolowezi chimene simunachiganizirepo? Mungasinthe chiyani sabata ino?

2. Kodi tingadziwe bwanji ngati tikuwononga ndalama pothandiza wovutika, kapena pongotonthoza mtima wathu?

3. Mukanakhala kholo la ana awiriwa, mukananena chiyani kwa mwana amene anataya kalulu, ndipo mukananena chiyani kwa amene anamuvulaza?