Musanagoneke Mfumu Yanu

Pa mphindi zathu zolingalira lero tikhala pambali pa bolodi la chess.

M'masewero amenewa, wosewera akaona kuti zake zada ali ndi ufulu wovomereza kugonja masewero asanafike kumapeto. Ena amagoneka mfumu yawo pabolodi, ena amaimitsa wotchi n'kupereka dzanja kwa mnzawo. Malamulo a bungwe la chess la FIDE amanena kuti ukangovomereza kugonja, masewero athera pomwepo. Sungabwerenso n'kunena kuti ndaganiza zina. N'chifukwa chake tiyenera kufunsa kuti: kodi munthu ayenera kugonja liti?

Tiyambe ndi zomwe zinachitika ku Monte Carlo m'chaka cha 1902. Katswiri wina, Georg Marco, ankasewera ndi Ignatz von Popiel. Marco anaona kuti bishopu wake wapanikizika: akamusiya pomwepo adyedwa, akamusuntha ndiye kuti rook yomwe inali kumbuyo kwake ipita. Mtima unagwa, ndipo anagonja. Komatu pabolodi pomwepo panali njira yoti apambane. Akanangolowetsa bishopuyo pafupi ndi mfumu ya mdani wake, akanaopseza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumaliza mfumuyo, kapena kudya mfumukazi. Popiel sakanatha kutseka mabowo onse awiri. Marco anapereka kwaulere masewero omwe anali m'manja mwake, ndipo mpaka lero aphunzitsi a chess amaonetsa ana bolodi limeneli ngati chenjezo.

Chinagonjetsa Marco ndi mantha. Maso ake anangoti dwii pa chomwe ankati ataya, osayang'ananso zomwe zinamutsalira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zochepa zodekha zikanamupulumutsa.

Tsono wina anganene kuti basi, munthu asamagonje n'komwe. Ayi, omvera. Tiyeni tipite ku Reykjavik, m'dziko la Iceland, m'chaka cha 1972. Boris Spassky, yemwe anali katswiri wa dziko lonse, ankateteza ulemu wake polimbana ndi Bobby Fischer wa ku America. M'masewero achisanu ndi chimodzi, Fischer anasewera mwaluso lodabwitsa. Spassky anayang'ana bolodi mofatsa, naona kuti kothawira kulibe, ndipo anagonja. Anthu atayamba kuwomba m'manja, nayenso anawombera m'manja munthu yemwe anali atangomugonjetsa. Dziko lonse linkaonerera, mpikisanowo unali wodzaza ndi ndale za mayiko awo awiri akuluakulu, koma iye anasankha kulemekeza ntchito yabwino ya mnzake.

Marco ndi Spassky onse anagonja, koma kugonja kwawo n'kosiyana kutalitali. Spassky anagonja ataona zoona. Marco anagonja asanaone.

Ndiye musanapereke dzanja, dzifunseni moona mtima. Kodi ndayang'ana njira zonse, ngakhale zooneka zopusa? Kodi ndikuona bwinobwino mmene mnzangayu andimalizire, ndipo iye ali nalo luso loti amalizedi? Pakati pa akatswiri, kutsalira ndi rook yathunthu popanda chobwezera kumakhala kokwanira kuti munthu agonje, chifukwa kupitiriza n'kungotayitsa mnzako nthawi. Koma kwa inu amene mukuphunzira kumene, limbikirani mpaka kumapeto. Mnzanuyo akhoza kulakwitsa, nthawi yake ikhoza kutha, kapena akhoza kutsekera mfumu yanu mosasamala mpaka inu n'kusowa posuntha pomwe mfumuyo sinaopsezedwe, ndipo zikatero malamulo amati mwafanana mphamvu. Ngakhale mugonje ndithu, mwaphunzira mmene masewero amamalizidwira. Ndipo ngati mukusewerera timu, kumbukirani kuti theka la pointi lomwe mungapulumutse pofanana mphamvu ndi la anzanunso.

Funso lalikulu kuposa onse ndi ili: chikundikankha n'chiyani? Nthawi zambiri timagonja msanga chifukwa cha manyazi. Talakwitsa pamaso pa anthu, tikufuna tichokepo msanga. Nthawi zina ndi mkwiyo. Ndipo pali ena amakakamira pomwe zonse zatha, chifukwa kunyada sikuwalola kunena kuti mnzanga wandiposa.

Zimenezi timakumana nazo tsiku ndi tsiku. Mwana walephera mayeso kamodzi, akuti sukulu basi. Mayi geni yawavuta mwezi umodzi, akufuna kutseka asanawerengere zomwe zatsala. Kwinaku bambo akulimbikira mlandu wa malire a munda womwe akudziwa mumtima kuti mnzawo ndiye akunena zoona, ndipo ndalama ndi ubale zikuthera momwemo. Mwanayo ndi mayiwo akufunika kukhalabe pampando n'kuyang'ananso. Bambowo akufunika kuimirira n'kupereka dzanja.

Musasankhe zosiya mtima uli m'mwamba. Pumani kaye, werengani zomwe zakutsalirani, funsani munthu wanzeru ngati mpata ulipo. Mukapeza njira, ngakhale yopapatiza, iyendeni. Mukapeza kuti njira palibedi, vomerezani ndi mtima woyera, yamikirani amene wakuposani, ndipo konzekerani masewero ena.