Magazi m'muzu wa dzino

Dzino lachikulu likamera mwa mwana, muzu wake umakhala usanathe. Pamapita zaka ngati 3 kuti nsonga yake itsekeke, makoma ake akhuthale. Mwana akagwa pa njinga n'kubenthula dzino nthawi imeneyi, mnofu wam'kati, momwe muli mitsempha ndi magazi, ukhoza kufa. Muzu umalekera pomwepo kukula, wopyapyala ngati bango.

Njira yakale ya root canal ine ndimailemekeza. Dokotala amabowola dzino, amachotsa mnofu wowolawo, amatsuka, n'kudzazamo gutta-percha, utomoni wochokera ku mitengo ya ku Malaysia ndi Indonesia. Kupweteka kumatha, munthu n'kutafunira dzinolo zaka zambiri. Koma muzu wa mwana uja sukulanso, ndipo suchedwa kuthyoka.

Koma pali njira ina imene imandipatsa maganizo. Birger Nygaard-Østby wa ku Norway anaiganizira kale mu 1961, koma inamveka kwambiri mu 2004, Francisco Banchs ndi Martin Trope atalemba za mnyamata wa zaka 11 amene muzu wake unapitiriza kukula. Dokotala amayamba wapha tizilombo ndi mankhwala, n'kudikira milungu ingapo. Kenako amabaya dala kupyola nsonga ya muzu, kuti magazi akwere m'kati mwa dzino. Munthu wozolowera kupukuta magazi ndi kuwaletsa, lero akuchita kuwaitana! Akaundana, amatseka pamwamba ndi simenti yotchedwa MTA, basi, manja ake achoka. Magaziwo amabwera ndi maselo a kunsongako, ndipo pakapita miyezi, chithunzi cha X-ray chikhoza kuonetsa muzu utatalika, makoma atanenepa.

Amati dzino latsitsimuka, koma mawuwo ngokoma kuposa zenizeni. Ofufuza akaunika chimene chameramo, nthawi zambiri amapeza mnofu wofanana ndi fupa kapena chikutiro cha muzu, osati wakale uja. Dzino limathanso kuda, makamaka ngati pamankhwala aja panali minocycline. Komabe mwanga mumtima ndimavomera: chomera mwa mwanayo n'chake ndithu, ndipo zikakanika, root canal ikadalipo.

Kwa akuluakulu nkhani ikadali m'manja mwa ofufuza. Mu 2017 Misako Nakashima wa ku Japan anafotokoza za odwala 5 okha amene anawaika maselo otengedwa m'mano awo ena. Dzino langa lotafunirali likadzavuta, lidzalandira utomoni womwewo, ndipo sindidzadandaula.