PHUNZIRO 14: MISOZI ILIBE MTUNDU

Kuwerenga: 2 Samueli 18:24-33, Yakobo 2:1-9
Vesi loloweza: Mika 6:8
Cholinga: Ana adziwe kuti Mulungu afuna chilungamo chopanda tsankho, choyendera pamodzi ndi chifundo.

Mau kwa aphunzitsi

Abale ndi alongo, tsiku lina ndili pa msika wa Lilongwe ndinamva mfuu yakuti, "Wakuba! Wakuba!" Anthu anamuunjirira mnyamata wina ndi zibakera. Anafunsana za mtundu wake, koma panalibe wofunsa dzina lake kapena la atate wake. Pakati pa oonerera panali ana a msinkhu wa Sande sukulu. Tidzawauza chiyani ana otere?

Ndinakumbukira buku la Alan Paton lotchedwa Cry, the Beloved Country, limene lawerengedwa m'masukulu a maiko ambiri. Linatuluka mu 1948, chaka chimene boma la tsankho linayamba kulamulira ku South Africa. Tsankholo linatha mu 1994. Dzikolo si lachilendo kwa ife: makolo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo likulu lathu la Lilongwe linamangidwa ndi thandizo la ngongole yochokera komweko.

Nkhani yake

Mbusa Stephen Kumalo wa m'mudzi wa Ndotsheni anapita ku Johannesburg kukafuna mwana wake Absalom. Anampeza ali m'ndende. Mnyamatayo analowa m'nyumba ya mzungu kukaba, ndipo chifukwa cha mantha anaombera mwini nyumba, Arthur Jarvis, munthu amene ankamenyera anthu akuda ufulu. Absalom anavomera mlandu naweruzidwa kuti anyongedwe. Anzake awiri anakana, namasulidwa.

Atate wa wophedwayo, James Jarvis, anali ndi munda waukulu pamwamba pa Ndotsheni, koma sanalabadire mavuto a anansi ake. Atawerenga zimene mwana wake analemba, maso ake anatseguka. Pamene anakumana ndi Kumalo, anaona nkhalamba yosweka mtima monga iye mwini. Pambuyo pake anatumiza mkaka kwa ana a m'mudzimo amene anali kufa, nalonjeza kumanga tchalitchi latsopano.

Chiphunzitso

1. Musawauze ana kuti tchimo ndi laling'ono. Absalom anapha munthu. Koma awonetseni kuti bwalo limene limasula wonama ndi kunyonga wovomera silinafike pa chilungamo chonse cha Mulungu.

2. Wochimwa aliyense ali ndi womlira. Davide analira Abisalomu ngakhale anamuukira. Mbala ya pa msika nayonso ndi mwana wa munthu. Tiipereke ku polisi, osati ku miyala.

3. Tsankho silinathere ku Joni. Lili pakamwa pathu pamene tinyoza mmwenye wa m'sitolo, wothawa nkhondo wa ku Dzaleka, Mtumbuka kapena Myao. Liliponso pamene mwana wa ku Area 10 tim'khazika pa benchi, koma wa kwa Chinsapo pansi. Yakobo akuti kutero ndi tchimo.

Kaphunzitsidwe

Fotokozani nkhaniyi m'mau osavuta. Sankhani ana awiri akhale atate awiriwo, ndipo aliyense anene chimene chikum'pweteka mnzakeyo, osati iye mwini. Musafulumire kuwathandiza. Mwana akayamba kumva ululu wa mnzake, phunziro lalowa.

Mafunso

1. Kodi n'chiyani chinasintha mtima wa James Jarvis?
2. Chifukwa ninji Davide analira mwana wopanduka?
3. Ndani amene mumam'seka kusukulu chifukwa cha chilankhulo kapena khungu lake? Mudzam'chitira chiyani sabata ino?

Pemphero

Atate wakumwamba, Inu amene munapereka Mwana wanu chifukwa cha adani anu, tikhululukireni tsankho lathu. Tiphunzitseni kuona chifaniziro chanu mwa munthu aliyense. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.