Kukhala Chete ndi Kunama, Choopsa N'chiti?

Ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu kuno ku Waterfalls, ndipo foni ikati ndili pa Simon Mazorodze Road sinditsutsa. Uthenga umene imamvawo umachokera ku masetilaiti a GPS, makilomita oposa 20,000 m'mwamba, ndipo umafika pansi uli wofooka kwambiri. Pankhondo amausokoneza m'njira ziwiri: kuuphimba ndi phokoso la wailesi mpaka makina angoti zii, kapena kutumiza wabodza wofanana ndi weniweni.

Mu June 2017, sitima zoposa 20 pa Black Sea zinauzidwa ndi makina awo kuti zili pabwalo la ndege la Gelendzhik, kumtunda, amalinyero akuona madzi mbali zonse.

Kuti zii sikundiopsa kwenikweni. Wosayankhidwa amadziwa kuti sanayankhidwe, amatulutsa mapu ndi kampasi. Kutchalitchi timadandaula Mulungu akakhala chete, koma ine chimandisowetsa tulo ndi mawu omveka bwino, obwera m'dzina lake, asali ake.

Akatswiri amagwira bodza la GPS poona kochokera. Masetilaiti enieni amwazikana thambo lonse, aliyense amalankhula ali kwake. Uthenga wabodza wonse umatulukira mbali imodzi, kawirikawiri ndi mphamvu yopitirira muyezo. Akayeza mbaliyo ali malo awiri kapena atatu, mizere imakumana pamene pabisala wonamayo.

Lamulo la Mose linkafuna mboni ziwiri kapena zitatu. Nanga mlaliki, kabuku kake ndi gulu lake la WhatsApp zikagwirizana, ndiwerenge mboni zitatu, kapena pakamwa pamodzi?