Kodi Mau a Mmphawi Angayesedwe pa Sikelo?

Ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba, kuli maphunziro a za maganizo a munthu. Akatswiri a maphunziro otere akafuna kudziwa zobvutitsa mitima ya anthu, amatuma athandizi ao kumidzi ndi mafunso olembedwa. Tsono mthandiziyo akafika pa esiteti ya fodya ku Kasungu, nakhala pansi ndi tenanti, mangawa ake ngotani?

Pa kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2009, bungwe la Plan lidafunsa ana ogwira nchito m'minda ya fodya, ena a ku Kasungu komweko, ndipo anawo adaulula za kumenyedwa ndi za kudwala kwao. Mau otere sali monga fodya woika pa sikelo. Akamveka kwa mwini esiteti, banja lonse lingathe kupitikitsidwa lisanalandire malipiro ake a chaka.

Chifukwa chake mthandizi ayambe wapempha chilolezo, osanyengerera mmphawi ndi sopo kapena malonjezo. Alembe zokhazo wazimva, ndipo abise dzina la mwini mau. Ngakhale mkulu wake amfulumize chotani, chikumbumtima nchake yekha, pakuti amene adayang'ana tenantiyo m'maso namlonjeza chinsinsi ndiye, osati wokhala mu ofesi.