Kodi nyimbo yosokedwa mu situdiyo ingatamande Mulungu?

Nyimbo zambiri zauzimu zomwe timamva pa wailesi sizinaimbidwe momwe zikumvekeramo. Woimba analowa yekha m'kachipinda kotchingidwa, navala mahedifoni, nabwereza mzere umodzi mpaka wojambula atakhutira. Kenaka zidutswa zabwino zinalumikizidwa pa kompyuta, ndipo kwaya yomwe ikumveka kumbuyoko mwina ndi anthu atatu okha omwe mawu awo anasanjikizidwa. Akhristu ena akamva izi amakhumudwa. Amati nyimbo yotere ndi chinyengo, ndipo Mulungu amene amaona mtima sangalandire nsembe yosokedwa ndi makina. Dandaulo limeneli si lachibwana, koma ndikuona kuti likufunafuna bodza pamalo pomwe palibe bodza, n'kudumpha pomwe bodzalo lili.

Tiyambe ndi chipangizo chenichenicho. Maikolofoni ya mtundu wa condenser, yomwe E. C. Wente anaipanga mu 1916 ku kampani ya Western Electric ku America, ili ndi kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi, kamene nthawi zambiri kamakutidwa ndi golide pang'ono, koyandikana ndi kachitsulo kosasuntha. Mpweya ukagwedeza kachikopako mtunda wa pakati pa ziwirizi umasintha, ndipo kusinthako kumasanduka mphamvu ya magetsi. Chifukwa kachikopako n'kopepuka, maikolofoniyi imatola zinthu zomwe khutu la munthu wokhala pa benchi ya kumbuyo silingamve: kupuma kwa woimba, kutseguka kwa milomo, chala chikukhula chingwe cha gitala, ngakhale tambala wa kwa aneba. Wina angaganize kuti chida chakumva chonchi ndicho mboni yosakondera. Sichoncho. Maikolofoni zina, monga U87 ya kampani ya Neumann ya ku Berlin yomwe inatuluka mu 1967, zili ndi kabatani kosankhira kuti zimve kutsogolo kokha, kutsogolo ndi kumbuyo, kapena mbali zonse. Ikamamva kutsogolo kokha, woimba akaiyandikira mawu ake amanenepa, akatalikira amaonda ndipo chipinda chimalowerera. Choncho wojambula asanakhudze kompyuta n'komwe, wasankha kale chimene womvera adzamve. Kujambula kosakonzedwa kulibe. Ngakhale Hugh Tracey, pomwe ankajambula nyimbo za m'midzi ya ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ankayendetsa maikolofoni m'manja kuilozetsa kwa woimba kapena ng'oma yomwe ankafuna kuti imveke. Amene akuti nyimbo yokonzedwa ndi yabodza ayenera kutiuza poyambira kukonzako, ndipo adzapeza kuti poyambira ndi tsiku lomwe maikolofoni inaikidwa pamalo ake.

Mantha amenewa si achilendo. Makampani a nyimbo atayamba kujambula ndi magetsi mu 1925, oimba sanafunikirenso kukuwa, ndipo panabuka kaimbidwe konong'ona komwe Bing Crosby anatchuka nako. Mu 1932 Kadinala William O'Connell wa ku Boston anadzudzula poyera kaimbidwe kameneka kuti n'kotsika ndiponso kowononga khalidwe. Lero nyimbo zambiri zopembedza zimaimbidwa motero, chapansipansi, ngati munthu akudandaulira Mlengi wake usiku, ndipo palibe amene amadabwa. Chinasintha si Mulungu ayi, koma makutu a omvera. Izi zokha sizitsimikiza kuti chatsopano chilichonse n'chabwino, koma zikutichenjeza kuti kunyansidwa ndi chinthu chachilendo si umboni woti chinthucho ndi tchimo.

Nanga nyimbo yojambulidwa ndi chiyani, ngati si chithunzi cha zomwe zinachitika? Ine ndikuiona ngati kalata. Wolemba kalata amafufuta, kusintha mawu, kulembanso, ndipo palibe amene amamutcha wabodza chifukwa sanatumize zoyamba zomwe zinamubwerera m'mutu. Paulo sanalembe ndi dzanja lake kalata yopita kwa Aroma. Chaputala 16 chimatchula Tertio kuti ndiye anagwira cholembera, ndipo kalatayo inakawerengedwa ndi pakamwa pa munthu wina kwa anthu omwe ambiri a iwo Paulo anali asanawaonepo. Mpingo sunaione ngati yochepa mphamvu chifukwa cha zimenezi. Masalimo nawonso si kulira kongotuluka mwadzidzidzi. Salimo 119 linalukidwa motsata zilembo 22 za Chiheberi, chilembo chilichonse mavesi 8, ntchito yofuna kukhala pansi, kuyesa ndi kutaya. Ngati luso lotere silinachotse choonadi m'pemphero la wamasalimo, kubwereza mzere mu situdiyo sikungachichotsenso. Kupereka kwa Mulungu chinthu chomwe wachivutikira n'kwaulemu kuposa kupereka choyamba chomwe chagwa m'kamwa.

Otsutsa ali ndi mfundo ina yolimba kuposa yoyambayo. Amati wolemba kalata amasankha mwa mawu ake omwe, koma pulogalamu ya Auto-Tune, yomwe inabwera mu 1997, imapatsa woimba chimene alibe: imakankhira mawu ophonya pa noti yoyenera, ndipo munthu wosatha kuimba amatamandidwa ngati katswiri. Apa ndikuvomera theka. Zoonadi, kulandira ulemu wa mphatso yomwe ulibe ndi kuba, ndipo woimba amene amalola anthu kumuyamikira pa chimene makina anachita ali ndi mlandu ndi chikumbumtima chake. Koma taonani pomwe mlanduwo wagona. Sunagone mu nyimboyo, chifukwa uthenga wake ukhoza kukhala woona ndipo wodwala amene waimvera m'chipatala watonthozedwadi. Wagona pa chimene woimbayo akunena za iye mwini. Chida sichinama, amanama ndi munthu amene akubisa kuti chida chinamuthandiza. Ndipo tisaiwale kuti mawu osaphonya noti sanakhalepo chizindikiro cha mtima woyera, monganso mawu osasa a gogo wa m'kwaya ya amayi sanalepheretsepo pemphero lake kufika.

Pomwe ndikuona ngozi yeniyeni ndi pena. Mu 1958 ofesi yoyang'anira za mapemphero ku Roma inatulutsa malangizo a nyimbo za m'tchalitchi, ndipo inaletsa kugwiritsa ntchito galamafoni, wailesi kapena tepi m'malo mwa kuimba kwa anthu pa mwambo wa mapemphero, ngakhale inalola zida zomwezo pophunzitsa nyimbo kunja kwa mwambowo. Munthu safunika kukhala Mkatolika kuti aone nzeru yake. Kupembedza ndi ntchito yomwe munthu wamoyo amachita pa nthawi yomwe akuichitayo, ndipo sangatume makina kuti amuchitire. Nyimbo yojambulidwa ikhoza kuphunzitsa, kukumbutsa, kudzutsa mtima wofooka, koma pa yokha silapa ndipo sithokoza, pakuti imalira chimodzimodzi m'tchalitchi, m'minibasi ndi m'sitolo yopanda munthu. Imakhala pemphero pokhapokha womvera akaitenga n'kuipanga yake. N'chifukwa chake chizolowezi chomwe chafala m'misonkhano ina, choti woimba ayime kutsogolo n'kumangogwedeza milomo nyimbo ikulira kuchokera pa fulashi, mpingo uli duu kuonerera, n'choipa kawiri: woimbayo akunamizira kuchita chimene sakuchita, ndipo anthu alandidwa gawo lawo.

Oimba ajambule mwaluso momwe angathere, ndipo asachite manyazi kunena kuti situdiyo inawathandiza. Koma atsogoleri a mipingo asalole kuti sipika iziimbira anthu Lamulungu. Kwaya ikaphonya, iphonye ndi pakamwa pake, ndipo mpingo wonse uimbe nawo.